Nyali zodziyatsa zokha: onani diso lake ndi nambala yake musanalipire



Masiku ano wopita ku Blantyre sabwerako chimanjamanja, amanyamula nyali ya sola. M'mashopu a ku Limbe zadzaza, makamaka zija zimayaka zokha dzuwa likalowa n'kuzima kukacha. Ambiri tikuziika pakhola la mbuzi, pankhokwe, pathandala la usipa ndi pakhomo la mzikiti kuti anthu aziona njira popita ku Isha ndi Fajr. Koma mvula ikayamba mu Novembala, zambiri zimafa batire lidakali labwinobwino. Chimazipha ndi madzi.

Nyali imadziwa bwanji kuti kwada? Ili ndi diso. Zina zili ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mphodza, kotchedwa LDR. Kuwala kukakamenya, kamalola magetsi kudutsa mosavuta, mdima ukagwa kamawatchinga. Mkati muli kabongo kakang'ono kamene kamaona kusinthako n'kuyatsa babu. Nyali zina zilibe LDR, panelo yeniyeniyo ndiyo diso: ikasiya kupanga magetsi madzulo, kabongo kaja kamadziwa kuti nthawi yakwana.

Tsono chinyezi chikalowa, timawaya ta mkati timachita dzimbiri. Nyali imayamba kuphethira, kuyaka masana, kenako zii. Sikuti mpaka mvula yamphamvu ngati ya namondwe Freddy ya mu Malichi 2023. Mvula yowaza ya chiperoni kapena mame a m'mbali mwa nyanja ndi zokwanira.

N'chifukwa chake pabokosi amalemba zilembo IP ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi, ndipo 6 ndiye kuti fumbi sililowa konse. Yachiwiri imanena za madzi. IP44 imapirira madzi owaza basi, ndi yapakhonde. IP65 imapirira madzi opopera kuchokera mbali iliyonse, ndiye yoyenera pamtengo wa pabwalo. IP67 ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Abale a chilimira, nyali imene siginala amakhala nayo m'bwato imakumana ndi mafunde a mwera, choncho musatsike pa IP67. Bokosi lopanda nambala, lisiyeni ngakhale atakuchotserani mtengo.

Komanso nambala yokha musaikhulupirire, poti kulemba n'kosavuta. Itembenuzeni nyaliyo. Kodi pali labala kuzungulira galasi? Nanga polowera waya ndi pothina? Kenako, wogulitsa akuona, iyatseni pabatani, muphimbe panelo kapena diso ndi chikhatho. Iyenera kuyaka. Mukachotsa dzanja, izime. Pemphani lisiti musanakwere basi ya ku Mangochi, chifukwa kubwerera ku Limbe kudzabweza nyali kumadya ndalama zambiri.

Mukafika kunyumba, imangeni polowera waya pakuyang'ana pansi, ndipo wayayo azilendewera pang'ono kuti madzi azidontha asanafike pabowo. Pamene pali mpata matanipo silikoni, koma diso musalimate. Musaiike pafupi ndi nyali ina, chifukwa idzayesa kuti kwacha n'kuzima. Musaiikenso pansi pa mtengo wa mango, batire silidzadzaza. Sabata iliyonse pukutani fumbi ndi zitosi za mbalame ndi kansalu konyowa.

Chenjezo lina: nyaliyi siidziwa nthawi ya swala. Mitambo ikachita bii imayaka dzuwa lisanalowe. Mu Ramadhani wina asamasule chifukwa nyali yayaka, dikirani azana ya Maghrib.

Ndalama ya usipa ndi ya mpunga timaipeza ndi thukuta, ndipo chipembedzo chathu chimatiletsa kuononga chuma. Nyali imodzi yotchingidwa bwino iposa zitatu zofa ndi mvula yoyamba. Allah adalitse minda yathu ndi makoka athu. Amin.