Rose Chibambo: Phungu Amene Adakana Kukhala Chete

Aŵerengi, mukalandira K200 pa msika kapena m'basi, musafulumire kuipinda. Yambani mwaiyang'anitsitsa. Nkhope ya mai imene mukuiwonayo ndi ya Rose Lomathinda Chibambo, mkazi woyamba kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo m'dziko muno. Ambiri a ife timaigwira ndalamayi tsiku ndi tsiku, koma ndi angati amene tinganene chimene maiyu adachita, ndi chimene adataya chifukwa cha ntchito yakeyo?

Mai Chibambo adabadwa pa 8 September 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba, ku banja la a Ziba. M'chaka cha 1947 adakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, mwana wa Mbusa Yesaya Zerenji Chibambo wa Mishoni ya Livingstonia. Amuna awo ataloŵa ntchito ya boma, banjali lidasamukira ku Zomba, ndipo kumeneko maiyu, ngakhale anali kale pa banja, adapitiriza maphunziro ake pa sukulu ya usiku. Mfundo imeneyi aisunge anyamata ndi atsikana amene alekeza sukulu panjira.

Masiku amenewo nkhani imene inali m'kamwa mwa aliyense inali ya Chitaganya. Boma la Britain lidafuna kumanga pamodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, pamene eni dziko ankaopa kuti ulamuliro wonse udzagwera m'manja mwa Azungu a ku Salisbury. Misonkhano yokambirana nkhaniyi inali ya mafumu ndi amuna. Akazi ankangomvera kwa amuna awo madzulo. Mai Chibambo adaona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kuti dengalo likagwa silisankha mwamuna kapena mkazi. Choncho m'chaka cha 1952 adayamba kusonkhanitsa amai a ku Zomba, ndipo ntchito imeneyi ndiyo idabala bungwe la amai la chipani cha Nyasaland African Congress. Chitaganya chidakhazikitsidwabe mu 1953, koma amai aja sadabwerere m'mbuyo.

Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Congress adagwidwa, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda. Nthaŵi imeneyo Mai Chibambo anali oyembekezera. Boma lidangodikira kuti achire. Patapita masiku oŵerengeka mwana atabadwa, lidaŵatenga pamodzi ndi khandalo kupita nawo ku ndende ya Zomba. Mwanayo adamutcha Gadi, dzina lokumbutsa alonda a ndende amene adaŵazinga. Adakhala m'menemo pafupifupi chaka chathunthu.

Chitaganya chidatha pa 31 December 1963. Pamene mbendera ya Malaŵi inkakwera pa 6 July 1964, Mai Chibambo anali phungu wa dera la kumwera kwa Mzimba, ndiponso anali ndi udindo wothandiza nduna pa ntchito za chitukuko cha anthu m'midzi. Anali mkazi yekhayo pakati pa amuna m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Munthu akadaganiza kuti masautso ake atha, ndi kuti tsopano yakwana nthaŵi yodya zipatso za thukuta lake. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pasanathe miyezi iŵiri chilandirire ufulu, padabuka kusamvana pakati pa Dr Banda ndi nduna zake. Ndunazo zidadandaula za ubale wa Malaŵi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, za kuchedwa kupereka maudindo a boma kwa eni dziko, za lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndiponso za tiki, ndiye kuti mapeni atatu, imene odwala adayamba kulipira pa zipatala za boma. Dr Banda iwo adaona kuti ndunazo zikuŵapangira chiwembu. Pa 7 September 1964 adachotsa a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi Mai Chibambo. Ena, monga a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Masauko Chipembere, adatula pansi maudindo awo.

Taganizani za tiki ija. Kwa munthu wa pa malipiro inali kanthu kochepa. Koma kwa mai wa kumudzi, amene ndalama ankaiona pokhapokha akagulitsa nkhuku kapena mtedza, tiki ndiyo inkagamula ngati mwana wodwala malungo apite ku chipatala kapena agone pa mphasa. Amai otereŵa anali ena mwa amene adayenda ndi Mai Chibambo. Kodi akadatseka pakamwa kuti asunge mpando, akadaŵayang'ana bwanji m'maso?

Nyumba ya Malamulo idakumana pa 8 ndi 9 September, tsiku loyambalo likulingana ndi tsiku lawo lobadwa. Mai Chibambo adaimirira monga phungu wamba, nayankha milandu imene ankaŵaneneza, aphungu anzawo akuŵadula mawu. Pamapeto pake Nyumba idavomereza kuti ikukhulupirira Dr Banda. Adachotsedwa m'chipani, mpando wa uphungu udapita, ndipo moyo wawo utakhala pa chiswe adathaŵira ku Zambia. Munthu amene adaloŵa m'ndende chifukwa cha ufulu wa dziko lake adakhala zaka pafupifupi 30 osaliponda dzikolo, ndipo dzina lake silinkatchulidwa poyera.

Adabwerera kwawo mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, nakhazikika ku Mzuzu. Nkhope yawo idaikidwa pa K200 mu 2012, iwo akadali moyo. Adamwalira pa 12 January 2016 ali ndi zaka 87, ndipo adaikidwa ku Mzuzu komweko.

Tikaŵerenga bwino, zaka zimene maiyu adakhala m'Nyumba ya Malamulo nzochepa kwambiri poyerekeza ndi aphungu ena amene adakhalamo zaka makumimakumi, koma maina awo adaiŵalika kale. Phungu sayesedwa ndi kutalika kwa nthaŵi imene wakhala pa mpando, koma ndi zimene adanena pa tsiku limene kunena kunali koopsa. Inu aphunzitsi, pophunzitsa mbiri ya dziko lino, tulutsani K200 m'thumba, muŵaonetse ana, muŵauze za tiki ija. Ndipo inu amene mwangomaliza sukulu, tsiku likadzafika loti musankhe phungu wa kwanu, mudzadzifunse kuti: kodi munthu uyu zinthu zikadzavuta, adzasunga mpando kapena adzasunga ife?