Mtsogoleri wa Banja la Njovu

Banja la njovu limatsogoleredwa ndi yaikazi yaikulu msinkhu kuposa zonse, pakuti zazimuna zimachokamo zikangokula. Ku Amboseli, m'dziko la Kenya, gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Karen McComb linkamvetsa njovu kubangula kwa mikango kudzera pa zokuzira mawu, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2011, zinasonyeza kuti mabanja okhala ndi mtsogoleri wachikulire ankaunjikana pamodzi mwamphamvu akamva mkango waumuna, womwe ndi woopsa kwambiri, pomwe atsogoleri ocheperako msinkhu sankasiyanitsa kwenikweni. Bungwe lochotsa ntchito akuluakulu ake onse nthawi imodzi limataya chidziwitso chofananacho, monganso banja la njovu limasokonekera opha nyama mozemba akawombera mtsogoleriyo chifukwa cha minyanga yake italiitali.