Mkonzi Amene Anasanduka Mtsogoleri wa Kanema

Anzanga ena a kunyumba yogona akhala akudandaula kuti ife akonzi a magazini ino timadula nkhani zawo mopanda chifundo. Mmodzi sanandilankhule masiku atatu chifukwa ndinachotsa ndime ziwiri m'nkhani yake. Tsono ndifuna kuwafotokozera za munthu wina wa ku India amene anayambira pa ntchito yodula ngati yomweyi.

Dzina lake ndi Hrishikesh Mukherjee. Anabadwira ku Calcutta mu 1922. Anaphunzira sayansi pa University of Calcutta, nakhala mphunzitsi wa masamu ndi sayansi kwa kanthawi. Pambuyo pake analowa ntchito ku New Theatres, kampani yopanga kanema, ndipo kumeneko anaphunzira ukonzi.

Kodi mkonzi wa kanema amatani? Masiku amenewo filimu inali ngati lamba wautali wa tizithunzi, ndipo tizithunzi 24 tinali kudutsa m'makina pa sekondi imodzi. Ojambula anali kujambula chochitika chimodzi kangapo. Mkonzi ndiye anali kusankha chokoma, nadula, nalumikiza zidutswazo mwa dongosolo kufikira nkhani itamveka. Akasiya zambiri, owonera amawodzera; akadula mopitirira, amasokonezeka.

Mukherjee anapita ku Bombay pamodzi ndi Bimal Roy, nakonza makanema ake a Chihindi, monga Do Bigha Zamin wa 1953 ndi Madhumati wa 1958. Pa ukonzi wa Madhumati analandira mphotho ya Filmfare.

Mu 1957 anatsogolera yekha kanema wake woyamba, Musafir, koma sanabweretse ndalama zambiri. Iye sanataye mtima. Mu 1959 anatulutsa Anari, m'mene munasewera Raj Kapoor, ndipo anthu anamukonda kwambiri. Anand wa 1971 ndi nkhani ya munthu wodwala khansa amene akusangalatsa anzake ngakhale adziwa kuti masiku ake atha. Rajesh Khanna ndiye wodwalayo, Amitabh Bachchan ndiye dokotala. Gol Maal wa 1979 ndi woseketsa: mnyamata anamiza bwana wake kuti ali ndi mbale wake wamapasa pofuna kuteteza ntchito.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti ukonzi sunamuchoke. Popeza anazolowera kuona zotayidwa, anali kudziwiratu chofunika asanajambule, ndipo sanali kuwononga filimu. Nkhani zake zinali za mabanja wamba, zosimbidwa mosazungulira. Anatsogolera makanema oposa 40, nalandira mphotho ya Dadasaheb Phalke ya chaka cha 1999, imene ili yaikulu koposa pa za kanema ku India. Anamwalira mu 2006.

Choncho anzanga, lumo la mkonzi si mdani wanu. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mnzanga uja ndimpempha adzakhale nafe pa ntchito ya ukonzi chigawo chamawa, adzadule nkhani zanga. Ndikhulupirira kuti zake zomwe zidzakoma koposa.