Chisoti, Lamba ndi Mafuta a Mabuleki

Ku Britain, ku America ndi ku maiko ena kumene anthu amakonda liwiro, kuli mwambo woti pa masiku ena mabwalo a mpikisano wa magalimoto, monga Silverstone, Brands Hatch ndi Donington Park, amatsekulira anthu wamba zipata, kuti mphunzitsi, dokotala kapena mwini sitolo, amene mlungu wonse amayenda modzichepetsa pomvera malamulo a pamsewu, apereke ndalama, alowe ndi galimoto yake yomweyo ya kuntchito, naithamangitsa kufikira mtima wake utakhuta, popanda wapolisi womuimika. Tsikuli eni ake amalitcha track day, ndipo si mpikisano ayi. Palibe chikho, palibe wopambana, ndiponso m'mabwalo ambiri a ku Britain kuyesa nthawi ndi wotchi nkoletsedwa; ine ndiyesa lamulo limeneli nlanzeru, pakuti munthu akayamba kuwerenga masekondi, mantha amene akadamsunga amamthawa.

Wongomva kumene angaganize kuti wolowa m'bwalo lotere ayenera kuvala ngati akatswiri a pa kanema, koma zimene amlamula nzochepa ndithu: laisensi, galimoto yosadontha mafuta ndi ya matayala abwino, lamba wogwira bwino, zovala zophimba thupi, ndi chisoti, chimene mabwalo ambiri amabwereketsa pa mtengo wochepa. Ku Germany, pa njira yotchuka ya Nordschleife ku Nürburgring, yotalika makilomita 20.8, a m'galimoto salamulidwa nkomwe kuvala chisoti pa masiku a alendo, popeza pa masiku amenewo njirayo imayesedwa msewu wolipiritsa, wolamulidwa ndi malamulo a pamsewu.

Tiyambe ndi chisoticho, chifukwa mbiri yake idalembedwa ndi imfa. M'chaka cha 1956, ku California, William "Pete" Snell, munthu amene ankathamangitsa magalimoto mongokonda, adafa galimoto yake itagubuduzika, chisoti chimene adavala chitalephera kutchinjiriza mutu wake. Ndipo abwenzi ake, posafuna kuti maliro awo athere pa misozi yokha, adakhazikitsa mu 1957 bungwe la Snell Memorial Foundation, limene kufikira lero limamenya zisoti pa zitsulo ndi kuyesa mphamvu imene ifika m'kati. Chisoti chopambana mayesowo chimalandira chizindikiro chomatidwa m'kati mwake. Cholembedwa M nchanjinga zamoto; cholembedwa SA nchamagalimoto, ndipo chimenechi chimayesedwanso ndi moto, pakuti wa pa njinga amaponyedwa kutali ndi injini pomwe wa m'galimoto angathe kutsekeredwa momwemo. Miyeso yake imakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, nchifukwa chake timamva za SA2015 ndi SA2020, ndipo okonza masiku amenewa ku America amakana zisoti zimene chaka chake chidapitirira. Amene agula chisoti chakale kwa mnzake akumbuke chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: chimene chimapulumutsa mutu ndi chofewa cha m'kati, chimene chimaphwanyika pomwa nkhonya, ndipo chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso, ngakhale kunja kukhale kukunyezimira.

Komatu pano ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene achangu ambiri amasokera. Munthu akapita ku bwalo kawiri katatu, nakoma nako, amakhumbira malamba aakulu a m'mapewa onga a pa mpikisano, nawamanga m'galimoto yake, nadziyesa wotetezeka kuposa anzake, osadziwa kuti zida zimenezi zidapangidwa kuti zigwire ntchito pamodzi, ndi kuti chimodzi chikakhala chokha chingasanduke mdani. Lamba wamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin wa ku Volvo adamtulutsa mu 1959, amalola thupi kupendekera kumbali ngati denga latetemera galimoto itagubuduzika. Koma malamba a m'mapewa onse awiri amamuimika munthu chilili pampando, kotero kuti popanda chitsulo chochirikiza denga, chimene amati roll bar, mutu ndi khosi ndizo zimasenza galimoto. Malamba a nsonga zinayi, opanda wina wodutsa pakati pa miyendo, angalole thupi kutsetsereka pansi pa lamba wa m'chiuno, lambayo nakwera kukafinya mimba. Nacho chitsulo chochirikiza denga chili ndi msampha wake, pakuti mwini wake akabwerera ku msewu wopanda chisoti, mutu wake uli pafupi ndi chitsulo chosakhululuka.

Ndipo ngakhale zonsezi zikhalepo, patsala khosi. Thupi likamangidwa zolimba, galimoto nkuima mwadzidzidzi pa khoma, mutu, umene tsopano walemera ndi chisoti, umapitirira ulendo wokha, ndipo fupa la pansi pa chigaza lingathe kuthyoka. Dr Robert Hubbard, mphunzitsi wa pa Michigan State University, pamodzi ndi mlamu wake Jim Downing, woyendetsa magalimoto a mpikisano, adapanga m'zaka za m'ma 1980 goli lokhala pamapewa, lolumikizidwa ku chisoti ndi zingwe ziwiri, lotchedwa HANS. Koma akatswiri ambiri adalinyoza, nati limawapanikiza, kufikira mu February 2001 pamene Dale Earnhardt, mmodzi wa otchuka koposa ku America, adafa ndi chilonda chomwecho pa kuzungulira kotsiriza kwa mpikisano wa Daytona 500. Chaka chisanathe bungwe la NASCAR lidalamula zida zogwira mutu ndi khosi, ndipo Formula 1 idatsatira mu 2003. Goli limeneli limagwidwa ndi malamba a m'mapewa; motero wofuna malambawo afunenso goli, mpando woyenera ndi chitsulo cha denga, ndipo wosakhoza kugula zonse achita bwino kusiya galimoto monga idatulukira ku fakitale.

Za zovala sitichulutsa mawu. Malaya a manja aatali ndi buluku lalitali, zikhale za thonje, chifukwa nayiloni imasungunuka ndi moto nimamatira pakhungu; nsapato zikhale zotseka ndi zopyapyala pansi, kuti phazi limve chimene likuponda.

Chimene sichioneka pa chithunzi, koma chimene ine ndikadayamba nacho ndisanagule china chilichonse, ndi mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo a mtundu wa DOT 4, amene akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 155. Pamsewu kusiyana kumeneku sikudziwika, koma pabwalo, pamene munthu aponda mabuleki mwamphamvu pa kona iliyonse, kutentha kumakwera, mafuta nkuwira, thovu nkulowa m'mapaipi, phazi nkumira mpaka pansi galimoto ili chithamangire. Tsoka silinunkha. Pa chifukwa chofananacho oyang'anira amatulutsitsa zonse zosamangidwa, ngakhale kapeti ya kumapazi, pakuti botolo la madzi logubuduzikira pansi pa buleki silisankha nthawi. Amafunanso kuti ngowe yokokera ikhale yomangidwa kale, kuti galimoto yofera panjira ichotsedwe msanga. Ndipo ku Britain amayesa phokoso la injini m'mawa, poopa madandaulo a anansi, galimoto yosokosa kwambiri nkubwezedwa.

Asanalowe, onse amasonkhana kumva malangizo, ndipo wojomba salandira chibangili cholowera. Kumeneko amauzidwa kuti mbendera yachikasu itanthauza ngozi kutsogolo, yofiira itanthauza kuti onse achepetse liwiro ndi kutuluka, yakuda ndi yoitana munthu mmodzi kuti akayankhe. Ndiponso kuti kupitirira mnzako nkololedwa pa njira yowongoka pokha, iye atavomera, ndipo ku Britain kawirikawiri nkudzera kumanzere. Safunsa adadya phula: ambiri amazindikira mochedwa kuti inshuwalansi ya pamsewu kawirikawiri imathera pa chipata cha bwalo, ndi kuti ya tsikulo imagulidwa padera. Ku Nürburgring wogunda mpanda wa chitsulo amalipira mpandawo, pamodzi ndi galimoto yodzamkoka.