Funsani mwini wake, osati mwana womutsogolera

Tsiku lina ndili pa msika wa pa boma la Mwanza, nyengo ya manachesi, ndinaona zimene zandichititsa kugwira cholembera lero.

Bambo wina wosaona, atavala jekete yake bwinobwino, anaima pa mulu wa manachesi. Kamnyamata kanali katamugwira dzanja. Mayi wogulitsayo sanayang'ane bamboyo n'komwe koma anafunsa kamwanako: "Iwe, akufuna a ndalama zingati agogo akowa?"

Bamboyo anaseka. "Mayi, ofa ndi maso okhatu. Makutu ali moyo, pakamwa pali moyo, ndipo ndalamazo zili m'thumba mwanga muno, osati mwa mwanayu."

Tonse tinafa nalo phwete. Mayi uja anapepesa, malonda n'kuyambika. Bamboyo anafinya nachesi lililonse, kulinunkhiza, owuma n'kuwabweza. Ananenerera mtengo mpaka anapatsidwa basera.

Koma abale anga, taganizani. N'chifukwa chiyani munthu wamkulu ayenera kuyamba wapeka nthabwala kuti timuone ngati kasitomala? Manyazi ndi athu, koma ntchito yowachotsa timamusiyira iye. Ena timamukuwira ngati ndi gonthi. Ena timamukoka mkono pa msewu osamufunsa kumene akupita. Enanso timathamangira kumuponyera kandalama, eti poti aliyense wonyamula ndodo yoyera ndi wopemphetsa.

Kodi tayiwala Alan Namoko wa ku Thyolo, amene anatisiya mu 1995? Sankaona, koma banjo yake inavinitsa dziko lonse. Sukulu za osaona za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zakhala zikuphunzitsa ana kuwerenga ndi zala. Mu 1994 osaona anakhazikitsa bungwe lawolawo la Malawi Union of the Blind, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa kusala anthu olumala. Koma lamulo silingaime pa benchi ya msika kukuphunzitsani ulemu.

Ulemuwo sulira sukulu. Mukakumana naye, tchulani dzina lanu. Lankhulani ndi iyeyo, ndi mawu a masiku onse. Funsani ngati akufuna thandizo. Akavomera, agwire ndiye mkono wanu. Pobweza chenji, muwerengereni mokweza. Pochoka, tsanzikani, asatsale akulankhula ndi mphepo.

Inu amalonda ndi ana asukulu, akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Mawa wogula manachesiyo mukhoza kukhala inu.