Bata la ku Aspen ndi Nthungululu za Kwathu

Mu Julayi, pamene ife kuno tikuwotha moto ndipo chiperoni chakuta Mulanje ndi Thyolo, anthu a ku Colorado m'dziko la America amakhala atavula majekete. Ndiyo nyengo yawo yotentha, ndipo ndi yaifupi. Atakhala miyezi yambiri akudzitsekera m'nyumba kuthawa kuzizira, amafuna chilichonse chichitikire panja, ngakhale nyimbo zomwe zinapekedwera m'maholo akuluakulu a ku Ulaya.

Tauni ya Aspen ili ku Colorado komweko, m'mapiri a Rocky, mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Inayamba ndi migodi ya siliva. Mtengo wa siliva utagwa mu 1893 anthu anabalalika, mpaka anatsala osakwana 1,000. Mu 1949 Walter Paepcke, mpondamatiki wa ku Chicago, anakonza kumeneko mwambo wokumbukira zaka 200 chibadwire mlembi wa ku Germany, Goethe. Albert Schweitzer, dokotala wa chipatala cha ku Lambaréné m'dziko la Gabon, anali mlendo wolemekezeka. Oyimba amene anabwera ku mwambowo anawakonda malowo, ndipo pamenepo ndi pomwe panachokera Aspen Music Festival and School, yomwe imachitika chaka ndi chaka kwa masabata asanu ndi atatu.

Lamulungu masana gulu lalikulu la oyimba limakhala pansi pa chitenti cholowa anthu pafupifupi 2,000. Kunja kwake kuli kapinga. Amene alibe tikiti amayala bulangeti pamenepo, n'kumasula kamba wake, ana ali pambali, ndipo nyimbo amazimva ulere. Ichi mtima wanga umachivomera msanga, chifukwa kwathu bwalo silikhala ndi chitseko.

Kusiyana kumayamba nyimbo zisanayambe. Woyimba chitoliro chotchedwa oboe amaliza liwu limodzi lalitali, ndipo ena onse amalitsatira, a vayolini akupotokola timitengo tokungira nsambo mpaka mawu agwirizane. Kenako zii. Wotsogolera amakweza kandodo kake, ndipo kuyambira pamenepo munthu amachita manyazi ngakhale kutsokomola. Nyimbo yotchedwa symphony kawirikawiri imakhala ndi zigawo zinayi, ndipo imatha kutenga theka la ola, ina kupitirira ola lathunthu. Chigawo chikatha oyimba amapumira pang'ono, koma m'manja simuwombedwa mpaka nyimbo yonse itatha. Mlendo amene wawomba pakati amaona makosi akutembenuka.

Ife kukonza mawu timakudziwa bwino lomwe. Anyamata amasonkha moto wa mapesi m'mbali mwa bwalo, n'kumawamba ng'oma, kwinaku akuigogoda ndi zala kuti amve ngati chikopa chakungika. Pakati pa chikopa amamata phula kuti liwu likhale lonenepa. Koma mbalule ikangolira, palibenso woonerera wamba. Amayi awomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, nthungululu zilira, wina alowa m'bwalo kukasupa wovina, fumbi lili koboo. Gule wopanda omuvomera amafooka miyendo. Munthu atakhala duu, manja ali pachifuwa, timamufunsa ngati wadwala kapena wakwiya.

Ena amati bata la azunguwo ndiye chitukuko, phokoso lathu ndi umbuli. Ena amatembenuza, amvekere nyimbo zawo n'zozizira ngati za pamaliro. Onsewa sindigwirizana nawo. Oyimba a symphony nthawi zambiri sadalira zokuzira mawu, ndipo pali malo ena pamene zida zonse zimatonthola, n'kutsala chitoliro chimodzi chikulira motsitsa. Munthu wakumbuyo angachimve pokhapokha anzake onse atamusungira bata, choncho kukhala chete ndiyo mbali imene omvera amagwira pa nyimboyo. Komanso mwambowu si wamakedzana ayi. Mu 1778 Mozart analembera bambo ake mokondwa kuti anthu a ku Paris anawomba m'manja symphony yake ili mkati. Ulemu uli ndi zovala zambiri, ndipo nthungululu ndi chimodzi mwa izo.

Mapiri nawonso tili nawo, ndipo timawakwera kukasangalala. Angoni a ku Mzimba amasonkhana pa phiri la Hora mu Ogasiti pa Umthetho. Alhomwe amakumana kwa Chonde m'boma la Mulanje mu Okutobala, kumene tchopa, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, amagwedeza nthaka. Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ife timadikira kuti tikolole kaye, mvula ileke, misewu iume. Pa chikoka ndi unyinji wa anthu palibe chimene tingasirire kwa wina aliyense.

Chimene ndimasirira ku Aspen ndi sukulu. Chaka chilichonse ophunzira mazana angapo ochokera m'maiko osiyanasiyana amasankhidwa atayesedwa luso, ndipo sangophunzira m'kalasi mokha. Pa tsiku la konsati wachinyamata amakhala mpando woyandikana ndi katswiri amene wayimba zaka makumi ambiri. A vayolini amakhala awiriawiri pa pepala limodzi la nyimbo, wina n'kumatembenuza tsamba mnzake akupitiriza. Wamng'onoyo amamva mpweya wa mkuluyo, amaona pamene akufewetsa dzanja, zinthu zimene palibe buku lingamuuze.

Njira imeneyi ndi yathu yomwe. Woyimba mbalule aliyense anayamba ali kamnyamata, atakhala pafupi ndi mkulu, akugogoda chitini kufikira tsiku limene anamupatsa mpanje. Vuto ndi lakuti mnyamata wa lero ali kusukulu, kapena m'tauni, kapena ku Joni, ndipo mkulu uja akukalamba yekha. Beethoven anamwalira mu 1827 koma nyimbo zake zinatsala papepala. Kalizidwe ka bangwe, kaligo kapena ulimba wa kuchigwa cha Shire kamakhala m'manja mwa munthu, ndipo manjawo akapita kamapita nawo. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri za kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku Makhanda m'dziko la South Africa, koma tepi siingagwire dzanja la mwana n'kuliwongola.

Pa zochitika zambiri za kwathu, gulu lovina limayenda ulendo wa usiku wonse pa lole, n'kupatsidwa mphindi zisanu pakati pa zolankhula za akuluakulu. Zimandipweteka, chifukwa anthu amenewa ndi aphunzitsi, ndipo timawaitana ngati zokometsera. Sukulu yonga ya ku Aspen ingatheke kunonso: Zomba ili ndi phiri, mphepo yabwino, ndi yunivesite yomwe imaphunzitsa kale nyimbo ndi zisudzo. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mu Ogasiti, mvula kulibe. Akatswiri a ku Nsanje, Dedza, Rumphi ndi Mangochi atakhala kumeneko mwezi wathunthu, akulipidwa monga aphunzitsi, aliyense ndi achinyamata ake pambali, Loweruka lililonse akanatsikira pabwalo kukaonetsa zimene agwira sabata imeneyo, khomo lili lotsegula kwa aliyense.