Nkhodolero ndi Agwirizanitsi pa Mafomu a pa Intaneti

1. Mau oyamba

Fomu ya pa intaneti silandira chilichonse chimene munthu walemba. Pulogalamu imayamba yayesa dzina, nambala kapena tsiku molingana ndi lamulo limene wokonza fomuyo anaika, ndipo ikapeza chosemphana imaonetsa uthenga wokana. M'nkhani ino tionetsa kuti lamulo loyeseralo ndiponso uthengawo ndi nkhani za chiyankhulo, ndi kuti zikakonzedwa potsata Chingerezi, Chichewa cholembedwa bwino chimasanduka cholakwa.

2. Malembo amene amakanidwa

Mafomu ambiri amalola malembo 26 a Chingerezi okha pamalo polemba dzina. Choyamba kukanidwa ndi nkhodolero. Okonza ena amaiopa chifukwa m'chiyankhulo cha SQL, chimene makompyuta amafunsira nkhokwe za zolembedwa, chizindikirochi chimatsegula ndi kutseka mau, kotero akuba amatha kuchigwiritsa ntchito polowetsa malamulo ao. Koma m'Chichewa nkhodolero imasiyanitsa matanthauzo: m'bale si mbale, ndipo ng' wa mu ng'ombe si liu limodzi ndi ng wa mu ngozi. Fomu yokana nkhodolero imaumiriza a Ng'oma kulemba Ngoma, ndipo dzina ngati M'mbelwa silingalembedwe molondola. Chitetezo chenicheni chili pa kupereka zolemba za munthu ku nkhokwe padera, zosasakanizidwa ndi malamulo a SQL. Kudula maina n'kosafunika.

Nkhodoleroyo ilinso ndi maonekedwe angapo mu Unicode: yoongoka (U+0027), yopindika (U+2019) ndi ina yowerengedwa ngati lembo (U+02BC). Mafoni ena amasintha okha yoongoka kukhala yopindika, motero fomu yololeza imodzi yokha imakana dzina limene dzulo inalandira. Lembo la ŵ, limene tikuliona mu Malaŵi, mulibe mu ASCII, ndondomeko ya ku America ya 1963, koma mu Unicode lilimo (U+0175). Lingathenso kulembedwa ngati w wotsatidwa ndi kadenga kapadera (U+0302), choncho pulogalamu iyenera kugwirizanitsa njira ziwirizi isanayerekeze maina.

3. Mamangidwe a uthenga

M'Chingerezi wokonza amalemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, ndipo pulogalamu imaikamo dzina la malo amene sanadzazidwe; mneni sasintha. M'Chichewa mgwirizanitsi amatsata gulu la dzina:

(a) Dzina likufunika.
(b) Chaka chikufunika.
(c) Mudzi ukufunika.
(d) Nambala ikufunika.

Womasulira akapatsidwa chiganizo chimodzi chokha, adzasankha mgwirizanitsi mmodzi, ndipo owerenga adzaona "Chaka likufunika". Njira zilipo ziwiri: kulemba uthenga wakewake pa malo alionse, kapena kuika dzinalo pambuyo pa mneni wolamula, monga "Lembani dzina", "Lembani chaka", pamene mgwirizanitsi safunika. Ife tikuona kuti yachiwiriyi ndiyo yosavuta kusamala.

4. Ulemu ndi kulongosola

Kompyuta sidziwa ngati wolembayo ndi mwana kapena mfumu, choncho "Lembani" ndiye woyenera, osati "Lemba". Mau akuti "Mwalakwitsa" amaloza munthu chala popanda kumuthandiza. Malangizo a WCAG 2.0, amene bungwe la W3C linatulutsa mu 2008, amafuna kuti malo olakwikawo atchulidwe m'mau, ndi kuti njira yokonzera iperekedwe ngati ikudziwika. Motero uthenga wabwino ungati: "Nambala ya foni yaperewera. Lembani manambala 10, kuyambira ndi 0." Tikumbukirenso kuti HTML5, imene inavomerezedwa mu 2014, imayesa yokha zina mwa zolembedwa, koma uthenga wake umabwera m'chiyankhulo cha pulogalamu yotsegulira masamba. Wokonza akapanda kuikapo wake, fomu ya Chichewa imakana munthu m'Chingerezi.

5. Mau omaliza

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 analembedwera aphunzitsi, olemba ndi osindikiza mabuku. Lero pafunika tsamba lina lolembera okonza mapulogalamu: mndandanda wa malembo onse oyenera kuloledwa m'maina pamodzi ndi manambala ao a Unicode, ndiponso mauthenga ochepa ovomerezeka. Ntchito imeneyi ndi ya akatswiri a chiyankhulo. Tikaisiya, kalembedwe ka maina athu kadzagamulidwa ndi fomu, ndipo dzina lolembedwa mopunduka pa chikalata chimodzi lidzatsutsana ndi la pa chikalata china, mwini wake n'kumavutika kutsimikiza kuti ndi iye yemwe.